Manja Anayi pa Uta Umodzi

A Lufeyo sankayang'ana munthu kumaso akamalankhula naye. Maso awo ankakhala pa uta, chala chachikulu chikuyenda pamtengowo kuchokera ku nsonga ya kumwamba mpaka ya kumunsi, n'kubwereranso. Ukawafunsa ngati adya, chalacho chinkayamba chafika kumapeto, yankho pambuyo. Tsiku limene anadzandifunsira ukwati anachita chimodzimodzi. Malume anga anayesa ndi ulemu. Ine ndinaona kuti munthuyu ali kale ndi mkazi wamtengo, koma ndinavomera, poti ndinkadziwerengera kuti mtengo sungandipose.

Ntchito yawo inali yolondera minda ya anthu. Chimanga chikayamba kubereka, anyani ndi nguluwe n'kutsika m'phiri, eni minda ankawamangira chilindo, kakhumbi ka pamwamba pa mitengo, iwo n'kukhala mmenemo ndi uta ndi phodo la mivi mpaka nthawi yokolola.

Kumudzi kumene ndinabadwira mkazi sakoka uta, saudumphanso ukagona pansi. Koma uta ukang'aluka, mtsempha womangira umafewetsedwa m'kamwa mwa mkazi wa mwini wake. Amautafuna wouma mpaka ufewe, n'kuukulunga pamng'alu ukadali wonyowa ndi malovu ake. Ukamauma umafupika n'kuufinya mtengo. Mwamuna wopanda mkazi amayenda ndi uta wong'aluka, ndipo aliyense amaona.

Wa a Lufeyo unang'aluka mvula yathu yoyamba, kumtunda pang'ono kwa pogwirira. Anabwera nawo masana, atauyangata ngati mwana wodwala.

"Walira," anatero. "Ndaumva ndikukoka."

"Nanga nyani?"

"Nyani wapita ndi chimanga."

Ndinatafuna mtsempha wa gwape mpaka nsagwada zinawawa. Ndinakulunga mizere yogundana, osasiya mpata woti n'kulowa chikhadabo, mfundo n'kuibisa pansi pa mzere womaliza. Utauma unawala ngati phula. Kuyambira pamenepo chala cha a Lufeyo chikafika pa mtsempha wanga chinkaima kaye chisanapitirire. Sanandiyang'anebe kumaso, koma chala chinkaima pa ine. Ndinalumbira mumtima kuti pa uta umenewo sipadzakhala dzanja la mkazi wina.

Titakolola anati anyani a kwathu awazolowera, akudziwa pamene muvi umathera. Anapita kukafuna anyani ena. Ndinadikira mvula ina, ndi inanso. Kenako ndinamanga chitseko ndi luzi n'kutsata njira imene anadzera.

Midzi ya m'njira inali yofanana. Uliwonse unali ndi chitsime kumunsi, agalu owonda, ndi munthu mmodzi amene anaona mwamuna wa uta akudutsa. Onse ankaloza kutsogolo. Ndinkapalira minda ya anthu, kudya, n'kupitirira. Mapazi anauma, chitenje chinasuluka, ndipo ndinafika pamudzi wa osema mipini, pamene ana ankasewera pa milu ya zipalo za mitengo. Ndinakhala kwa a Chimbalanga, wosema wa diso limodzi, ndikuwasalazira mipini ndi chibenthu cha botolo. Ndiwo anandiphunzitsa kuwamba mtengo wokhota paphulusa lotentha, kuupaka mafuta a nsatsi, ndi kuuwongola pabondo pang'onopang'ono mpaka uvomere. Tsiku lina ndinawafotokozera za mtsempha wanga uja, monyada.

"Munamanga pamene panang'aluka," anatero. "Nanga chinang'alula munachifunsa?"

"Unang'aluka chifukwa unakokedwa."

"Mauta onse amakokedwa, mayi. Umang'aluka ndi umene mbali ina ikukana kupindika, ntchito yonse n'kugwera inzake. Mukamanga kuno, mupale uko, ziwirizo zipindike mofanana. Apo ayi mukungousamutsa mng'aluwo."

Ndinamva, koma sindinalabadire. Kupala kumachotsa mtengo, ndipo palibe amaona pamene wapala. Kumanga kumaoneka.

A Lufeyo ndinawapeza kuseri kwa phiri la mudzi womwewo, ali m'chilindo, miyendo ili lendelende.

"Wafika?" anatero.

"Ndafika."

Ananditsitsira uta asanatsike okha. Mtsempha wanga unalipo. Kumtunda kwake, kutalika ngati chikhatho, panali chingwe cha khonje chopota mothamanga, mfundo yake ili poyera ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

"Ichi n'chiyani?"

"Unaliranso."

"Ndafunsa ichi."

"Ndi khonje."

Mwini chingwecho anafika atasenza chakudya. Dzina lake anali Esinala, wamfupi, wa mawu aakulu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiye ndinu a mtsempha aja? Ndinkayesa ndinu nkhalamba. Akuti munatafuna mpaka misozi."

"Chingwe ichi si chomangira mbuzi kwanu kuno?"

"Ndi chomwecho, amayi. Ndiye mbuzi zathu sizithawa. Yothawa ndi yanu."

Anaseka, natula chakudya, n'kundipatsa madzi osamba m'manja ngati mlendo.

Chingwecho sindinachidule. Kuchidula kukanasonyeza kuti chandipweteka. Ndinapeza mtsempha kwa mlenje wa m'mudzimo, ndinatafuna, n'kukulunga pamwamba pa khonjepo mpaka zonse zinabisika, ndi mfundo yomwe. Mbali ya kumwamba inanenepa. A Lufeyo anakoka nsinga nati, "Walemera." Ine ndinati, "Walimba." Tinakhala choncho mpaka chimanga chinauma, Esinala akuphika, ine ndikusema mivi. M'mawa wina chilindo chinali chopanda munthu. Tinaima pansi pake awiriwiri.

"Nanunso sanakutsanzikeni?" anafunsa.

"Iyayi."

"Basi, chingwe changa chapita nawo. Kaya mwachikwirira, chilimo."

Anatenga khasu lake n'kupita kudimba. Ine ndinatsata njira, mawu akewo ali m'khutu.

Tauni imene ndinafikako inali ya fumbi, ya msewu umodzi wa phula. Ndinapeza ntchito kophera ng'ombe, yotsuka matumbo. Osenda zikopa anandionetsa pamene pamagona mtsempha wautali, mbali zonse ziwiri za msana, ndi mmene umasololedwera wathunthu. Umayanikidwa pamthunzi, osati padzuwa, kenako umapunthidwa ndi mwala mpaka uphwasuke kukhala tiulusi toyera ngati thonje. Anandionetsanso kuwiritsa ziboda ndi tizidutswa ta zikopa mpaka madzi akewo alimbe ngati phala n'kusanduka guluu. Iwo mtsempha ankangouviika m'madzi. Ine ndinkatafunabe, kuti nsagwada zisaiwale. Dzino langa loyamba linathera kumeneko.

M'tauni imeneyo alonda a masitolo ankayenda ndi mauta. Lamulungu lina masana, sitolo zili zotseka, ndinawaona a Lufeyo atakhala pakabokosi kutsogolo kwa chitseko chachitsulo, atavala chikhoti chachikulu cha eni ake.

"Wafika?"

"Ndafika."

Ulendo uno anasendera kundipatsa pokhala, uta n'kundiikira pamiyendo. Kumtunda kwa mtsempha wanga wachiwiri panali waya wofiira, wowala, wozungulizidwa mwaukhondo mpaka mtima unandipweteka.

"Waya anautafuna bwanji?"

"Kuno satafuna."

"Ndiye si mkazi wanu."

"Amandichapira."

Anali Doniya, wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi benchi imene mchimwene wake ankakonzerapo mawailesi. Ndinapita ndili ndi mawu okonzeratu. Iye anaimirira, anapukuta manja, n'kugwada pang'ono.

"Pepani, mayi, sindinadziwe kuti pali mwambo. Ndinangoona kuti mtengo ukuyasama, ndiye ndinazunguliza ngati mmene achimwene amachitira. Ngati zalakwika, ndikamasula lero lomwe."

"Musaugwirenso."

"Chabwino, mayi. Tengani chitumbuwa, n'chofewa." Anali atandiona mano.

Bola Esinala wotukwana uja. Ndinapaka guluu pa wayapo, n'kukulunga mtsempha wa ng'ombe, wabwino kuposa wonse umene ndinagwirapo. Utauma, waya ankaonekerabe pansi ngati nsomba m'madzi osaya. Ndinawonjezera mzere wina pamwamba. Dzino lachiwiri linatsalira mu mtsempha umenewo.

"Kumwambaku sukupindika," anatero a Lufeyo.

"Ndiye sudzang'alukanso."

Mvula isanagwe, pakabokosi paja panakhala mlonda wina, wa chibonga.

Za malo otsatira sindingazilongosole. Ndinkafika pamudzi, munthu woona mwamuna wa uta n'kuloza kumbuyo kumene ndachokera. Ndinkawoloka mtsinje m'mawa, madzulo n'kuupezanso kutsogolo kwanga. Pena ndinkaona chilindo patali, miyendo ili lendelende, kufika pafupi n'kupeza ndi nsanza zoopsezera mbalame. M'midzi imeneyo munali amuna a mauta ong'aluka, akazi awo atafa kapena atawaleka. Poyamba ndinkakana. Njala itakula ndinavomera, koma mtsempha wawo ndinkauviika m'madzi. Pakamwa panga panali pa uta umodzi. Awo ndinkawakonza monga ananenera a Chimbalanga: kumanga kuno, kupala uko, kuwamba, kupaka nsatsi, ndipo ankapindika mofanana ngati mwezi woyamba kuoneka. Mbiri inayenda. Pamphambano ina, pamene njira zinkakumana popanda mudzi, ndinamanga kanyumba, anthu n'kumabwera okha. Imvi zinandipeza pamenepo.

Tsiku lina la mphepo, masamba akuyoyoka, munthu anaima patsogolo panga ndikupala uta wa wina. Ndinazindikira chala ndisanaone nkhope.

"Mwafika?" ndinatero.

"Ndafika, mayi." Anali asananditchulepo choncho. Msana unali utawerama, chikhoti chija chitatsala nsanza. "Ndabwera kudzakhala. Miyendo yatopa. Ngati malo alipo."

Amenewa ndi mawu amene ndinawayendera midzi yonse ija. Ndinawamva, n'kutambasula dzanja kulandira uta.

Mbali ya kumwamba inali monga ndinaisiyira, yotupa ngati munsi. Koma kumunsi, kumene kunalibe kanthu zaka zonse, kunali kachikopa kakuda ka ubweya waufupi, kogwira mtengo ngati kanamera pomwepo. Ndinakazunguliza ndi chikhadabo kufuna mfundo. Panalibe. Ndinafuna msoko. Panalibe. Sindinapeze pamene munthuyo anayambira kapena pamene anathera.

"Unathyoka apa," anatero a Lufeyo. "Osati kung'aluka, kuthyoka. Nguluwe ikubwera. Ndinakwera mumtengo ngati mwana."

"Anamanga ndani?"

"Sanamange. Anauveka. Ndi chikopa cha mchira wa ng'ombe, chosolola chathunthu. Anachilowetsa chonyowa, chinauma chokha."

"Ndafunsa kuti ndani."

"Mayi ena, Anasibeko. Kudziko la ng'ombe, kuseri kwa madambo. Ndi wamasiye. Amakonza minsi, mipini ya nkhwangwa, zishango."

"Munakhala nawo mvula zingati?"

"Sanandifune. Ndinafunsa. Anati ali kale ndi zoweta zokwanira."

Ndinaloza chotupa cha kumwamba. "Za apa anati chiyani?"

Anazengereza. "Anaseka. Anati, 'Ndi akazi angati amenyanirana pakamtengo aka?' Akuti chotupachi ndicho chinathyola kumunsi. Ndinati achichotse, anakana. Akuti amene anamanga akamasule yekha."

Anatenga uta n'kuuika pamawondo, chala n'kuyamba ulendo wake. Ndinachitsata ndi maso. Chinadutsa pa mtsempha wanga ngati ndi pamsewu, chinadutsa pogwirira, n'kukaima pakachikopa kakuda kaja.

Ndinauviika utawo m'ngalande mpaka mtsempha unafewa. Ndinamasula mizere yanga ya m'tauni, waya wa Doniya n'kutuluka akadali wowala. Ndinamasula ya kumudzi wa mipini, chingwe cha Esinala n'kutuluka chitafumbwa, mfundo yokha ili yamoyo. Pansi pa zonse panali mtsempha wanga woyamba, wa gwape. Umenewonso ndinauchotsa. Ming'alu yonse itatu inali yopyapyala ngati tsitsi. Ndinathira guluu wotentha m'menemo, ndinapala mbali ya kumwambayo ndi chibenthu cha botolo, kuwamba, kupaka nsatsi, kuyesa pabondo, kupalanso. Pomaliza ndinakulunga mzere umodzi wokha, wopyapyala, wotafuna ndi mano amene ananditsalira.

Utauma a Lufeyo anakunga nsinga. Uta unapindika mbali zonse mofanana. Anaponya pa thunthu la nthochi, muvi n'kutulukira kuseri.

"Wabwerera unyamata," anatero, akuuza utawo.

Ine ndinkayang'ana kumunsi. Mphamvu yonse inkadutsa pamene panathyoka paja, kachikopa kali nji, osasuntha. Ntchito yanga yonse inkatsamira pa dzanja la mkazi amene sanatafune, sanachape, sanawafune n'komwe.

A Lufeyo atapita kukasamba ndinatenga mpeni n'kuika nsonga yake m'mphepete mwa kachikopako. Ndimadziwa zimene mtsempha umatha: umatseka mng'alu, sulumikiza mtengo wothyoka. Ndikanadula, uta ukanafera m'manja mwanga. Ndikanakwirira, ndikanangousamutsa mng'alu kachinayi. Ndinabweza mpeni.

Pamsika wa pafupi ankapha ng'ombe, ndiye ndinayamba kupempha michira. Woyamba chikopa chinang'ambika ndikusolola. Wachiwiri chinatuluka chathunthu, ndinachiveka pampini, koma chitauma chinkazungulira ngati chibangili. Wachitatu chinagwira, kenako chinawola, agalu a pamphambano n'kumanditsata. Ndinasintha madzi, ndinathira phulusa, ndinayesa chotembenuza, ndinayesa cha thole ndi cha nkhunzi. Kumbuyo kwa nyumba kunadzaza mipini yovala zikopa zokhwepa. A Lufeyo ankatunga madzi, kutola nkhuni, kusesa pabwalo, zinthu zimene sanachitepo. Ndinkadya chimene aphika osamva kukoma.

"Chikopa chija, asanachiveke anachiviika mu chiyani?" ndinawafunsa.

"Sindinaone."

"Pamtengo anapaka kanthu? Anamangira thabwa mkati?"

"Sindinaone, mayi."

"Munali pomwepo."

"Ndinali pomwepo. Ndinkayang'ana iwowo."

"Manja?"

"Kumaso."

Iwo anapitiriza kusisita uta, osadziwa kuti anena kanthu.

M'mawa mwake ndinayala thumba pamphasa. Ndinaikamo mpeni, zibenthu za botolo zokulunga m'kansalu, botolo la mafuta a nsatsi, mtolo wa mtsempha, chitenje china, ndi chimodzi mwa zikopa zokhwepa zija, kuti Anasibeko akasekeretu tsiku loyamba zithe. A Lufeyo anaima pakhomo.

"Ine ndabwera kudzakhala, inu mukupita?"

"Nyumba ndi iyi. Ufa uli m'dengu. Anyani a kuno sakudziwani, eni minda akufunani."

"Mukawachite chiyani anthu aja? Sanalakwe kanthu."

"Ndikakhala pafupi ndi manja awo. Akandithamangitsa, ndidzapitanso mawa lake. Ine ndikayang'ana pamene inu simunayang'ane."

"Kenako?"

"Kenako ndidzabwera kudzadula chawocho n'kuveka changa."

"Ndi kutali, mayi. Mukadzapeza nditafa?"

"Muwauziretu anthu kuti uta usalowe m'manda. Aupachike m'nyumba muno, paja sipadontha."

Chala chinaima pakati pa ulendo. Anakweza mutu n'kundiyang'ana kumaso. Maso awo anali ofiirira, aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira.

"Mukawoloka dambo loyamba," anatero, "mutsate ndowe."

Ndinamanga thumba, mfundo n'kuilowetsa mkati, ndi kuliika pamutu.